Anavula Nsapato pa Mpanda

Njati inapha a Augustino Lachiwiri m'mamawa, m'dimba mwawo momwe, khasu lili m'manja. Koma pofika Lachitatu panalibenso munthu wotchula njati. Pa mjigo, pa chigayo, ngakhale pa siwa penipeni nyimbo ikangodukiza, dzina linali limodzi basi: Mose.

Paja ku Nyakamba nkhani siyenda pansi, imakwera kabaza. Mose ndi uja a gemu anamulemba ntchito yoyendera mpanda wamagetsi wa nkhalango ya nyama, kulambula udzu m'mbali mwake ndi kumanga pamene pamasuka. Ndiye waya wapezeka wodulidwa, njati yatulukira pomwepo, munthu wafa. Mukuganiza kuti anthu akanaloza ndani? Ena ankati anadula yekha kuti alowetse abale ake opha nyama ochokera kutsidya kwa malire. Ena ankati ayi, anamutuma ndi a gemu, kuti anthu achite mantha asamuke, nkhalango ikule. Panalinso mayi wina amene analumbira kuti Moseyo amasanduka njati iye mwini. Koma ameneyo musiyeni, ananenaponso kuti foni ya mwamuna wake imalizidwa ndi ziwanda, pamene tonse tikumudziwa amene amaimba.

Mpandawo unali utagawa kale mudzi waya asanadulidwe n'komwe. Unabwera zaka zinayi zapitazo, n'kudutsa pakati pa nyumba ndi manda akale, manda n'kutsalira mkati. Amene anakakamira kuti anthu avomere anali a Raphael, mkulu wawo weniweni wa malemuwo, mkulu wa mpingo, wapampando wa komiti ya zachilengedwe. Ankati njovu zisiya kudya mapira, ana aziona nyama ndi maso osati pa chithunzi, ndipo mjigo ubwera. Zonsezo zinachitikadi, tisaname. Koma a Augustino sanasinthe nyimbo mpaka tsiku la imfa yawo: "Achimwene, mwatsekera bambo athu m'khola limodzi ndi anyani."

Wapolisi anabwera Lachiwiri lomwelo, n'kulemba m'kabuku kake kuti munthu waphedwa ndi nyama, n'kukwera njinga yamoto kubwerera. Njati sungaitengere ku khoti. A gemu anaiwombera masana, nyama yonse n'kuikweza m'galimoto, anthu akungoyang'ana. Mkwiyo unatsala m'mudzi wopanda pogwera.

Tsono Mai Priska nyumba yawo inayandikana ndi ya Mose, madenga kutsala pang'ono kupsopsonana. Ndi mayi wamasiye, woweta mbuzi, mwana wa mlenje wakale. Ndi aja anatsata mapazi a mbuzi zawo zitatu masiku awiri mpaka kukazigwira pa msika, wakubayo ali pakati potsatsa malonda. Chiyambire pamenepo, munthu akaba nkhuku ku Nyakamba amayenda akusesa kumbuyo kwake.

M'mawa wa Lachitatulo, akutsegulira mbuzi, anaona Paul, mwana wamkulu wa malemu, atagwada kuseri kwa mlambe. Ankayamwa petulo m'thanki ya njinga yake yamoto ndi kapaipi, n'kumathira m'botolo.

"Paul, ulendo wa kuti maliro ali m'nyumba?"

"Ulendo waufupi, mai." Sanadzutse mutu. "Tikangokwirira. Muchotseretu mbuzi zanu kumeneko, mphepo ya masana sisankha denga."

"Mose yemwe uja unkasewera naye mpira?"

"Mpira ndi mpira. Kwawo ndi kutsidya. Bambo anga akukagona pa dambo la pamseu ngati mlendo, pamene mlendo akuyenda ndi kiyi wa manda athu m'thumba. Zatha lero zimenezo."

Maliro anali oti anyamuka dzuwa likapendeka. A Priska anayang'ana kumwamba. Linali litangofika pa nthambi za m'munsi za mlambe.

*

A Priska anam'peza Mose atakhala kuseri kwa chitseko, chikwanje pamwendo, maso ali psuu.

"Ika pansi chimenecho, ungadzicheke. Waya udadula ndiwe?"

"Nkhabe, mama! Nkhabe, si ine!" Mose akachita mantha Chisena chimatuluka chokha. "Ine ndidulirenji waya? Kiyi wa kageti ndili naye. Ndikafuna kulowa ndimazimitsa magetsi, n'kutsegula ngati munthu. Ndidule waya kuti mawa ndimangenso ndekha pa dzuwa limeneli?"

"Lolemba madzulo udali kuti?"

"Masana ndidayendera mpanda wonse, udali bwinobwino. Madzulo ndidali pano, ndikusoka ukonde."

"Adakuona ndani?"

"Akazi anga."

"Amenewo lero sawerengedwa. Adafika pamalopo woyamba ndani?"

"Ine. Kenako a gemu atatu. A m'mudzi safikako, ndi pafupi ndi manda."

"Udapeza chiyani?"

Mose anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa tiwaya tinayi tatifupi, todulidwa mofanana ngati ndi muyeso, ndi kachingwe ka mphira wakuda wa chubu cha njinga.

"Pinthu ipi, zinthu izi, mama. Tiwayati tidali pa mwala, tondandalikidwa bwinobwino. Mphirayu adali pansi. Ndipo waya wa mpanda sadatenge, adangomupindira pambali."

A Priska anatitembenuza pa chikhatho. Wopha nyama akadula mpanda, chimene amafuna ndi wayayo, akapangire misampha. Sasiya ngakhale kachidutswa. Koma uyu anasiya waya yense, n'kubweretsanso wake.

"Ameneyu ankafuna kumanganso," anatero chapansipansi. "Nanga adalekeranji? Vala jombo. Tidzere m'munda wa thonje, asatione."

*

Mpanda unkalira kaphokoso kake kaja, tche, tche, tche, ngati munthu akuthyola zala. Podulidwapo pankaoneka ndi waya watsopano wonyezimira. Pakati ponse jombo za a gemu zinali zitapondaponda, koma a Priska sayang'ana pakati. Anayenda chowerama m'mphepete, chitenje atachikwezera m'maondo.

"Ima pomwepo, usasunthe. Taona. Iyi si jombo. Ili ndi chidendene, kutsogolo n'kosongoka. Nsapato ya ku tchalitchi. Wachokera kumudzi, wafika apa, wagwada, maondo ake ndi awa. Wadula. Tsono tayang'ana mkatimo."

Mkati mwa mpanda, pa kanjira kamene Mose amalambula, fumbi linali losalala. Ziboda za njati zinalipo, zakuya, zolunjika kunja. Pambali pake panali mapazi a munthu. Opanda nsapato.

"Munthu wanji amavula nsapato polowa m'tchire la minga?" anafunsa Mose.

A Priska anawatsata ndi maso. Mapaziwo ankaloza ku mitengo italiitali ya njale ndi bwemba, kumene kuli manda akale.

"Tsegula geti."

"Mama, a gemu akamva, ntchito yatha."

"Ntchitoyo uzikaigwira ukuchokera m'nyumba kapena pa phulusa? Tsegula."

Pa geti a Priska anavula patapata. Mose anawayang'ana, nayenso n'kumasula jombo zake osauzidwa.

M'mandamo munali zii, ngakhale njiwa imodzi. Kunja dzuwa likuwotcha, koma m'menemo thukuta linkazizira pamsana. Miphika yosweka inali itamira m'udzu, ndowe za njati apa ndi apo, zina zaziwisi, ntchentche zili pomwepo. Mapazi aja anawatsogolera mpaka pa mtumbira wina pansi pa bwemba. Pamenepo munthu anali atasesa ndi manja. Kumutu kwake nyerere zinali pikitipikiti kututa ufa. A Priska anatapa pang'ono, n'kufikisa pa zala. Wa mapira. Wokhakhala, wa mumtondo.

"Nsembe," ananong'ona.

"Manda a ndani amenewa?"

"A Thomu. Bambo wawo wa Augustino ndi Raphael."

Kuseri kwa zitsamba chinthu chinapuma mwamphamvu, fuu, nthambi n'kuthyoka. Mose anadzidzimuka kuti athawe, a Priska n'kumugwira mkono.

"Pang'onopang'ono. Tiye. Usacheuke."

Mawuwo anatuluka okha, momwe bambo awo ankawanenera kalekale pochokera kothira nsembe. Ndipo atangowanena, anazindikira chinthu. Atatuluka pa geti sanavale n'komwe patapata, anathamangira podulidwa paja n'kugwadanso.

Mapazi otuluka analunjika, osakhota, osaima. Anadutsa mwala wa tiwaya uja ngati sakuuona. Chapatsogolo pang'ono munthuyo anaima ndi mwendo umodzi, kenako unzake, kuvala nsapato. Zala zonse kuloza kumudzi.

"Wamvetsa?" anatero a Priska. "Ukathira nsembe kwa makolo, sucheuka mpaka utalowa m'nyumba mwako. Ukacheuka, zimene wakasiya zimakutsata. Iyeyu adakonza zonse, tiwaya tomangira, mphira wokulunga pulayala kuti magetsi asam'menye. Adaiwala chimodzi. Kuti amange mpanda, adayenera kutembenuka n'kuyang'ana kumanda."

"Ndiye adangopita? Kusiya pali pululu?"

"Adangopita. Ndipo iwe m'mandamo ulibe m'bale ndi mmodzi yemwe. Uyu ndi mbadwa ya mudzi uno."

Mose anayang'ana mapaziwo. "Kapena adali a Augustino eni ake? Paja ankalira manda amenewa tsiku ndi tsiku."

A Priska anali ataganiza kale zimenezo, ndipo sanazikonde. Kukauza anthu a pa maliro kuti wakufa anadzitsegulira yekha imfa, ndiye kuwonjezera botolo lachiwiri.

"Kadzitsekere m'nyumba. Chikwanje usachikhudze."

*

Fatsani amakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, pa mphambano. Ngakhale pa tsiku la maliro amangokoka benchi kuseri kwa mtengo, ati ndiye kuti watseka.

"Mai a mbuzi! Mwagula njinga tsopano? Kapena tipope tonde?"

"Ndipopa iweyo ukapitiriza. Chubu ichi adadula ndani?"

Fatsani analandira mphira uja, n'kumukoka, n'kumwetulira ngati waona mwana wake. "Dzanja langa ili. Onani chigamba ichi, chozungulira ngati mwezi. Anzanga aja amadula zamakona ngati zitumbuwa zopsereza. Ine sukulu ndilibe, koma sizasi imandimvera."

"Udapatsa ndani?"

"Mai, malegeni ndimapatsa mudzi wonse. Omangira makala, omangira nkhuku, wina adamangira apongozi ake odwala pa kaliyala mpaka ku chipatala."

"Sabata ino."

Fatsani anakanda m'mutu ndi sipanala. "Sabata ino... Lolemba masana adabwera a Raphael. Ati akufuna tiwiri tokha, tatifupi. Ndidati, akuluampingo, tiwiri tatifupi mukamanga chiyani, Baibulo? Sadaseke. Adabwerekanso pulayala, ati loko wa ku tchalitchi akuvuta."

"Adabweza?"

"Dzulo, chisokonezo chili mkati. Adangoponya m'bokosimo, moni osapereka. Ine ndidati ndi chisoni."

A Priska anawerama n'kuvundukula bokosi la zitsulo. Pulayala inali pamwamba. Chogwirira chimodzi chinali chokulungidwabe ndi mphira wakuda, chinzake chili mbulanda.

Fatsani anayang'ana pulayala, n'kuyang'ana mphira anali m'dzanja lake uja. Nthabwala zonse zinamuthera.

"Mai, ine sindidanene kanthu. Ndili ndi ana ine."

"Wanena za chigamba basi," anatero a Priska.

*

Kuseri kwa siwa amayi anali mbwee, ena kutunga madzi, ena kusadzula masamba. A Priska analunjika kwa Immaculate, uja amagulitsa thobwa ndi zina zoposa thobwa. Anam'peza akusankha nyemba pa lichero, maso ali kwina, makutu ali kwinanso.

"Asisi, Lolemba madzulo malemu adali kuti?"

"Kwanga, mayi! Adafika dzuwa lili apa, adachoka nkhuku zitalowa kalekale, akazi awo a Prudence atabwera kudzawakoka ndi malaya. Kutukwana mpanda, kutukwana a gemu, kutukwana njovu ndi amake omwe. Iii, Mulungu awalandire, koma pakamwa padali moto."

"Adavala nsapato?"

"A Augustino nsapato? Ngakhale pa ukwati wawo adavala za matayala, funsani aliyense."

"Nanga kwa a Raphael kuli bwanji masiku ano?"

Immaculate anasendeza lichero, n'kubweretsa mutu pafupi. "Simudamve? Kamdzukulu kawo kaja, Yamiko, masabata atatu kukomokakomoka. Ku chipatala ati malungo palibe, magazi ali bwino. Mapemphero achita, kusala kudya achita. Ndiye kamwanako kamadzuka n'kumalira kuti agogo aamuna akuti mwanditsekera. Kamwana koti a Thomu sikadawaonepo n'chithunzi chomwe! Akazi a Raphael adandiuza okha, n'kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndiye inunso musauze munthu. Ndipo Lamulungu, tsiku la Mulungu lenileni, ndidamva mtondo kuseri kwawo, thi, thi, thi. Mkazi wa wapampando kusinja mapira pamanja, chigayo chili apa? Ndidati kaya ndi phala la wodwala."

A Priska anakumbukira ufa wokhakhala uja. Ufa wa nsembe sulowa m'chigayo, ngakhale mwana amadziwa.

"Yamikoyo ali bwanji tsopano?"

"Ndiye chodabwitsacho! Chiyambire Lolemba, tulo mpaka m'mawa. Dzulo adadya mbatata ziwiri, n'kupemphanso."

M'nyumba ya maliro hamala inayamba kulira. Ankakhoma bokosi.

*

A Raphael anali okha pansi pa mtengo wa masau, kuseri kwa nkhokwe, akukonzekera ulaliki. Jekete yakuda, Baibulo lotsegula pamwendo. A Priska anayamba ayang'ana kumapazi. Nsapato zakuda, za chidendene, zosongoka.

"Pepani ndi zovutazi, bambo."

"Zikomo, mai. Ndi chifuniro cha Mulungu."

"Chonse?"

A Raphael anadzutsa mutu. A Priska anagwada mwaulemu monga achitira mayi aliyense, n'kuika tiwaya tinayi tija pa tsamba la Baibulo, kamodzikamodzi.

"Mudaiwala izi pa mwala."

A Raphael anayang'ana tiwayato.

"Ndani wina akudziwa?"

"Nyerere za pa manda a bambo anu."

"Ndidati ndibwerera," anatero, mawu ali okanda. "Mulungu ndi mboni, ndidati ndikangolowa m'nyumba ndibwerera ndi tochi. Ndidapeza mwana wagona, Mai Priska. Tulo teniteni, koyamba m'masabata atatu. Ndidaopa. Ndidati ndikabwererako lero lomwe ndikadzutsa zimene ndagoneka. Ndidati m'mawa. M'mawa ndili panjira, pulayala ili m'thumba, ndidamva mfuu ku madimba."

"Bwanji simudapemphe kiyi kwa Mose? Akadakutsegulirani, n'kutsekanso yekha."

"Ndipemphe? Ine amene ndidaima pa bwalo n'kunena kuti akufa alibe mawu, ali m'manja mwa Mulungu? Ine amene ndidasaina pepala la mpanda? Pofika mawa lake mudzi wonse ukadamva kuti mkulu wa mpingo wakathira ufa."

"Ndiye amve kuti Mose wapsa?"

"Tamverani, mai. Ndikanena lero, mpanda uja sukhalitsa. Adzati onani, ngakhale wapampando saukhulupirira. Njovu zibwerera m'minda. Mwaiwala chaka chija tinkagona m'misasa tikuimba zitini, m'mawa n'kupeza mapesi okhaokha? Mukufuna zimenezo?"

"Ine ndikufuna nyumba ya Mose ione mawa. Muli ana awiri m'menemo."

"Ndilankhula nawo anyamatawo. Ulaliki wanga wonse ndi wa chikhululuko."

"Paul wathira kale petulo m'botolo. Vesi silizimitsa petulo."

"Ndipatseni sabata imodzi. Tiike m'bale wanga mwaulemu."

"Nthawi yanu ndi yochokera pano kukafika pa khomo la Mose. Mukapanda kunena, ndinena ine. Koma ine angandikane, adzati ndikuteteza denga langa. Inu sangakukaneni."

Kutsogolo kwa nyumba munthu anaitana. "A Raphael! Mwambo uyambe!"

Anatseka Baibulo, tiwaya tili momwemo, n'kunyamuka osanena kuti inde kapena ayi.

*

Manda atsopano ali pa dambo la pamseu, popanda ndi mtengo umodzi womwe. Anthu anaima pa dzuwa, malole a nzimbe akudutsa n'kumawathira fumbi. A Raphael analalikira nthawi yaitali, za Yosefe ndi abale ake, za kukhululuka kasanu n'kawiri. A Priska ankadikira mawu amodzi okha. Ameni anafika, mawuwo osabwera.

Fosholo yomaliza itangosalaza mtumbira, amayi anakhotera njira ya kumanja yobwerera ku siwa. Anyamata anakhotera kumanzere. Poyamba ankayenda, kenako anayamba kuthamanga, ndipo khamu lonse linawatsata, ena kukaletsa, ambiri kukaonerera.

A Priska anadulira m'munda wa mapira, mapesi akuwacheka m'miyendo. Pofika anapeza Paul akuwaza kale petulo m'mphepete mwa denga. Chitseko cha Mose chinali chotseka. Mkati mwana ankalira, wina akumutseka pakamwa.

Anakaima pa khomo penipeni, petulo akuwadonthera pa duku.

"Waya sadadule Mose!"

"Chokani, mai!"

"A gemu akupatsani chiyani, chiwindi cha njati?"

"Adadula ndi munthu wa mudzi uno, wopita ku manda akale kukathira nsembe. Adavula nsapato. Mapazi alipo, tiyeni mukaone!"

"Mapazi, mapazi! Bambo anga si mbuzi!" anakuwa Paul. "Munthuyo ndani? Tchulani!"

A Priska anayang'ana pamwamba pa mitu ya anthu. A Raphael anali kumbuyo kwenikweni, Baibulo atalikumbatira pachifuwa, maso pansi. Anawadikira kupuma kumodzi, kuwiri. Paul anakhwatcha machesi. Mphepo inazimitsa. Anatulutsa kamtengo kena.

"Paul."

Mawuwo sanali okweza, koma anali mawu amene mudzi wonse unazolowera kukhalira chete. Anthu anapatuka okha, a Raphael n'kudutsa pakati mpaka kuima pambali pa a Priska, pansi pa denga lonyowalo.

"Waya ndidadula ine. Ndidapita kwa agogo ako kukapepesa chifukwa cha Yamiko. Potuluka sindidacheuke. Ndidasiya posatseka. Bambo ako ndawapha ndine, mwana wanga."

Mbuzi za a Priska zinkalira kuseri kwa nyumba. Paul anangoti kukamwa yasa, kamtengo ka machesi kali m'zala.

Kenako a Prudence, amasiyewo, anasiya amayi awiri amene ankawagwirizira, n'kubwera okha pang'onopang'ono.

"Alamu. Dzulo lonse mudakhala kumutu kwa m'bale wanu, mukutiyambitsira nyimbo. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa, mlamu."

"Ndikulira n'kumatukwana mwana wa eni ake uyu, inu mukundisisita paphewa. Mukudziwa?"

A Prudence anayang'ana a Raphael nthawi yaitali, maso ouma. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, n'kumulanda bokosi la machesi ngati akulanda mpeni kwa khanda, n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

"Tiye kunyumba. Maliro athu angoyamba kumene."

Anthu anayamba kubalalika, koma osati momwe amabalalikira nkhani ikatha. Ankachoka m'timagulu, akunong'onezana. Mkulu wina wa ndodo ananena mokweza kuti aliyense amve: "Ndiye kuti a Thomu adalankhuladi. Munthu kukaona bambo ake mpaka kudula waya ngati mbava! Walakwa ndani pamenepa?" Mitu yambiri inatembenukira kumadzulo, kumene waya ankanyezimira pa dzuwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana chitseko cha Mose, ngakhale kungoti pepa.

Pabwalo patatsala a Priska okha, chitseko chinatseguka pang'ono. M'nyumbamo zonse zinali zitamangidwa kale m'zitenje, mitolo itatu pafupi ndi windo la kuseri. Ana anali atavekedwa malaya awiriawiri, thukuta lili kamukamu. Chiku, mkazi wa Mose, anali atakhala pa mtolo waukulu.

"Zatha," anatero a Priska. "Mawa tichotse udzu wonyowawu, lero musakoleze moto pafupi. Masulani katundu."

"Takhuta, mama," anatero Mose, kuthokoza m'Chisena. "Takhuta maningi."

Anatuluka n'kuima pa khomo, kuyang'ana misana ya anthu ikupita.

"Ine ndidabadwira pa msasa wa othawa nkhondo uko, pamene pali bwalo la mpira lero. Kutsidya amanenako sindidapondeko phazi."

Kumbuyo kwake Chiku anagwada, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya mtolo waukulu.

"Usamasule, Chiku," anatero Mose osatembenuka. "Ungotulutsa mphika wokha."